Nyale Imene Achemwali Anatumiza

4 Febuluwale

Mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani nonse muli bwino, iwe, Amayi ndi miyendo yawo ija, ngakhalenso mwamuna wako Tayi. Ine kuno kunja ndili moyo, koma kuzizira kwake usanene. Zala zimachita kuuma ngati zikhomo.

Unandifunsa za ntchito. Kotsuka mbale kuja ndinachokako, tsopano ndili kufakitale ya bowa. Usaseke. Ine amene ndinkakunena kuti ukuwononga chipinda chabwinobwino ndi matumba a utuchi, lero ndimadzuka m'mamawa kukathyola bowa wa eni ake. Koma kumeneko ndaonako chinthu chimene chingakutulutse mu umphawi.

Bowa tikathyola timamuyala pamathireyi, mathireyiwo amayenda palamba n'kulowa m'bokosi lalitali lachitsulo. M'katimo muli nyale za kuwala kumene amakutcha UV. Kuwalako kukamenya bowa, m'thupi mwake mumapangika vitamini D, uja wolimbitsa mafupa. Kapitawo wathu akuti bowa amabadwa ali kale ndi kanthu kena kamene kamangodikira kuwala kumeneko kuti kasanduke vitamini. Potuluka m'bokosi, kuoneka kwake n'komweko, kukoma n'komweko, koma mtengo wakwera ndipo anthu amalimbirana.

Akusintha nyale zakale, ndiye ndagulako imodzi yaing'ono. Ndapatsira mayi wina wakwathu amene akubwera kumeneko sabata yamawa.

Tsopano tchera khutu. Nyale iyi si yowerengera buku. Imatentha maso ndi khungu, ndipo munthu sumva kanthu nthawi yomweyo, ululu umabwera pambuyo. Uikhomere m'bokosi la matabwa, uziyatsa chivindikiro chili chotseka. Magalasi achikasu ali m'phukusimo uzivala nthawi zonse, ndi malaya a manja aatali. Bowa uzimudula, uzimugoneka chagada kuti timizere ta kunsi tiyang'ane nyale. Mphindi zochepa zokha. Ukachedwa amada.

Bokosilo Tayi akhoza kukhoma, ngati angalole kuvula tayi yake kwa ola limodzi. Koma nyaleyo ndi yako, osati yake. Munthu amene anakwatira atavala jekete yobwereka sasiyanitsa chake ndi cha mnzake.

Ndilembere zonse.

Mkulu wako


11 Malichi

Achemwali,

Landirani moni wochokera kwa ife tonse. Amayi ali bwino. Miyendo ikuwavutabe m'mawa, koma pakamwa pokha pali bwinobwino.

Nyale inafika yosasweka. Bambo a kunyumba kuno anakhoma bokosi tsiku lomwelo. Anavuladi tayi, ndipo anadzimenya chala ndi hamala, chikhadabo chada mpaka lero. Koma chonde lekani kuwatchula Tayi. Amayi atengera, tsiku lina anawaitana choncho pamaso pa alendo.

Ndikuchita monga munalembera. Poyamba ndinachedwa kuzimitsa, bowa anatuluka ngati chikopa cha nsapato, tinadya tokha sabata yonse. Tsopano dzanja lazolowera. Magalasi aja ndikavala ndimaoneka ngati chiwala, mpaka galu wa eni nyumba amandiuwa.

Nkhani yabwino ndi iyi. Namwino wamkulu wa kuchipatala cha ana anatenga paketi imodzi n'kuitumiza kwa oyeza zakudya. Yankho litabwera, anafika yekha pakhomo pano n'kufunsa kuti, "Mungatipatse kangati pa sabata?" Akuti ali ndi ana a miyendo yopindika, okulira m'zipinda zamdima, ndipo ngakhale bowa sangalowe m'malo mwa mankhwala, amathandiza. Ndinalira, Achemwali. Zaka zonsezi ndangokhala mayi wa bowa uja, lero namwino akugogoda pakhomo panga.

Kumasitolo amapita ndi abambowa, pakamwa pawo mukupadziwa. Asindikiza timapepala tomata pamapaketi, pali chithunzi cha nyale ndi dzina lawo. Nditafunsa za dzina langa anati pepala linachepa. Masiku ano akumachedwa kubwera poti makasitomala achuluka, ndipo akumameta pafupipafupi kuti azioneka bwino pamaso pa eni masitolo.

Mukapeza mpata titumizireni babu lina losungira.

Ine mng'ono wanu


22 Epulo

Mng'ono wanga,

Moni. Kodi kumeneko mapepala atha? Ndinakuyankha kalekale, iwe zii. Ndayimba foni yako kangapo, imangolira. Dzulo anayankha mkazi wina, akuti ndalakwitsa nambala, koma anayamba waseka kaye asanadule. Munthu wolakwitsidwa nambala saseka choncho.

Amayi adwala? Wadwala ndiwe? Zoipa ndiuzeni, ndine wamkulu.

Mkulu wako


7 Meyi

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Akundilembera ndi atelala a khomo loyandikana, poti maso anga ndi zilembo sizimvana, ndipo mng'ono wako cholembera sakufuna n'kuchiona komwe. Moni. Miyendo ili momwemo. Mankhwala opaka aja atha, ukakumbukira tumiza.

Ukufunsa chimene takhalira chete. Ndi manyazi. Tayi wachoka.

Tsiku limenelo mng'ono wako anandiperekeza kuchipatala. Pobwerera anapeza chipinda cha bowa chili mbee. Mashelefu, matumba, sikelo, bokosi la nyale, zonse Tayi anakweza pagalimoto yahayala. Ngakhale foni ya mkazi wake anatenga. Anasiya magalasi achikasu okha, ali lende pamsomali.

Akukhala ndi mkazi wa kusaluni, uja wa zikhadabo zofiira. Nyale yako ili kuseri kwa saluniyo, bowa ndi tsitsi denga limodzi. Mng'ono wako anapitako kukafunsa katundu wake. Tayi anaima pakhomo nati, "Dzina lili papaketi ndi la ndani?" Mkazi uja anatuluka chipeso chili m'manja nati, "Mayi, ngati simukupangitsa tsitsi, musatitsekere khomo." Makasitomala onse m'katimo kuseka. Mwana wanga anayenda msewu wonse wa kumsika akulira, anthu akumuonerera ngati ngozi ya galimoto.

Eni nyumba amutulutsa. Ali kuno kwa ine, amagona pansi pafupi ndi bedi langa. Sakudya, m'mawa akumasanza, ndikuona kuti ndi mtima.

Atelala akuti mawu amene ndanena tsopanowa sangawalembe. Chabwino. Koma ndikanakhala ndi miyendo yanga yakale, tayi ija ndikanaimanga ndekha, ndipo sakanaivulanso.

Mayi ako


27 Meyi

Mng'ono wanga,

Moni, ngati moni angalowe m'nyumba yotero. Kalata ya Amayi ndinaiwerengera m'chipinda chosinthira zovala, ndipo tsiku lonse bowa ndinkamuthyola ngati ndikupotokola khosi la munthu. Kapitawo anachita kundifunsa ngati ndadwala.

Sindinena kuti ndinakuuza. Ndinakuuza, koma sindinena.

Nyale ija ndinaigula ndi zala zanga zong'alukazi, ndinagulira iwe. Lero iziwalira bowa wa mkazi wa zikhadabo zofiira? Ndipo iwe akusekere pamsewu? Ukumbuke tili kusukulu, mtsikana uja anakudula tsitsi m'kalasi. Ndinamudikira pageti teremu yonse mpaka ndinamupeza ali yekha. Ine sindinasinthe. Ndimachedwa, koma ndimafika.

Kusaluniko usapitekonso. Usamupemphe kanthu. Idya, samba, uziyenda mutu uli m'mwamba. Babu losungira lija ndinagula kale, lili pansi pa bedi langa, ndipo likhala pomwepo. Mababu a nyale imeneyo sakhalitsa. Tsiku lina lidzazima, ndipo kumeneko palibe sitolo yogulitsa. Tsiku limenelo Tayi adzakumbuka kuti ali ndi mlamu.

Mkulu wako


3 Juni

Alamu anga olemekezeka,

Ndi chimwemwe chodzaza tsaya ndagwira cholembera ichi kuti ndikupatseni moni. Ndikhulupirira ntchito ikuyenda ndipo nyengo ya kumeneko ikukuchitirani ulemu. Ife kuno tili bwino mwa chisomo.

Mwina mwamvako mphekesera zina. Alamu, za m'banja ndi za m'banja. Mano ndi lilime zimalumana, koma zimagona m'kamwa mumodzi. Mng'ono wanu ndi munthu wabwino, kungoti alibe masomphenya a bizinesi. Ine ndangosamutsira kampani pamalo oonekera kwa anthu, ndipo zina zonse zidzakonzeka pa nthawi yake.

Chimene ndalembera ndi ichi. Babu lija lazima, pa nthawi yolakwika kwambiri. Sitolo yaikulu ya pamphambano yavomera kumatenga bowa wathu sabata ndi sabata kuyambira mwezi wamawa. Ndikupempha munditumizire babu lina, lamphamvu ndithu. Ndiponso, poti inu muli kugwero la nzeru zimenezi, mundiululireko chinsinsi chimene akatswiri a kumeneko amachita kuti vitamini achuluke kuposa wa wina aliyense. Mng'ono wanu ankangochita mwachizolowezi, koma ine ndikufuna kuchita mwasayansi.

Za mtengo wa babu musade nkhawa, tidzakambirana kampani ikaima. Dzina limene likwere ndi la banja lathu lonse.

Ine mlamu wanu,
Mkulu wa Kampani


24 Juni

Alamu anga okondedwa,

Moni, ndipo zikomo pondikumbuka. Mwanena zoona, za m'banja ine sindilowererapo. Bizinesi ndi bizinesi.

Babu ndi ili, la mtundu watsopano, lamphamvu kuposa loyamba lija. Za mtengo iwalani, ndi mphatso. Koma mumvetse bwino, poti malangizo akale aja anali a babu lakale.

Ili silifuna bokosi lotseka, likatsekeredwa limatentha n'kuphulika. Chotsani chivindikiro. Silipweteka maso, choncho magalasi achikasu aja ngosafunikanso, ndipo amabisa chinthu chimene muyenera kuona. Chinsinsi cha akatswiri a kuno ndi ichi: weramirani pafupi, nkhope pamwamba pa thireyi, muyang'anitsitse m'mphepete mwa bowa mpaka muone kamzere ka golide. Kamzereko ndiko vitamini. Kamachedwa kubwera, ndipo mukaphethira kakudutsani. Maso akayamba kuyabwa madzulo musadandaule, n'kuzolowera chabe, mawa lake pitirizani.

Ntchito imeneyi musapatse wantchito, angakubereni chinsinsi. Chitani nokha, inu mwini kampani.

Mlamu wanu


24 Juni

Mng'ono wanga,

Moni, upatsenso Amayi moni. Iyi uwerenge wekha, atelala asaione.

Ndinati adzakumbuka kuti ali ndi mlamu. Walemba! Akudzitcha Mkulu wa Kampani. Ndamutumizira babu lero, pamodzi ndi malangizo abodza. Ndamuuza achotse chivindikiro, asavale magalasi, aweramire nyale mpaka aone kamzere ka golide pabowa. Kamzere ka golide kulibe. Adzakafunafuna mpaka maso ake adzapsa ngati mazira pachiwaya.

Kuno mnzathu wina anangosuzumira m'bokosi kamphindi, anagona masiku akulira ngati amuthira mchenga wamoto m'maso. Tayi adzayang'ana maola. Ndikufuna maso omwe aja, amene anakuyang'ana pakhomo la saluni ngati sakukudziwa. Tione ngati wa zikhadabo zofiira adzamutsogolera kuchimbudzi.

Ukamva kuti zachitika undilembere zonse, usasiye kanthu, ngakhale mtundu wa tayi imene anavala popita kuchipatala.

Mkulu wako


1 Julayi

Achemwali,

Landirani moni. Kalata yanu ya mu Meyi ndinailandira, koma ndinaopa kuyankha. Khalani pansi musanapitirize.

Ndabwerera kwa bambo a kunyumba.

Ndili ndi pakati, Achemwali. Kusanza kuja sikunali kwa mtima. Babu litazima, bowa anasiya kugulidwa, ndipo mkazi wa kusaluni anawatulutsira katundu panja mvula ikugwa. Anabwera kwa Amayi, anagwada pasimenti, tayi ili m'thumba. Amayi anandiyang'ana nati, "Ukatuluka pakhomo pano ndi munthu uyu, usadzandiuzenso zako." Ndinatuluka. Chichokereni sindinapondekonso, ndipo iwo sananditumire mawu.

Ndikudziwa mukunditcha chitsiru, ndikukumvani mpaka kuno. Koma ife tinakula opanda bambo, ndipo mukudziwa momwe zinkawawira tsiku lotsekera sukulu anzathu akamabwera ndi makolo awiri. Sindikunena kuti ndawakhululukira. Ndikungoyesa.

Tapeza zipinda ziwiri kuseri kwa malo okonzera matayala. Chimodzi timagonamo, china ndi cha bowa. Mashelefu anga ndawakhomanso ndekha, matumba ayamba kuyera, mbewu yagwira bwino. Abambowa akuti anakulemberani ndipo akudikira phukusi. Ine sindinakhulupirire kuti mungawayankhe. Ngati mwawatumiziradi babu muli okwiya chomwecho, ndiye kuti mtima wanu ndi waukulu kuposa wanga, ndipo ndikuthokoza m'malo mwa mwana ali m'mimbayu.

Foni akadali nayo iwo, akuti ndi ya kampani. Muzilembera pa adiresi ili kuseri kwa envulopuyi.

Ine mng'ono wanu


21 Julayi

Mng'ono wanga,

Moni pambuyo. USAYANDIKIRE NYALE IJA. Zonse ndinalembera mwamuna wako ndi bodza. Babu ndi lomwe lija, limatentha maso. Bwezera chivindikiro, vala magalasi. Kamzere ka golide kulibe, ukumva? Kulibe!

Kalata yako yafika dzulo. Ndinakulembera kwa Amayi, kodi sunaione? Ndayimba foni mpaka chala chatupa, iye akangomva mawu anga amadula. Iyi ndatumiza pa positi yachangu. Mulungu achite kuti ikupeze phukusi lisanatsegulidwe.

Ndiyankhe tsiku lomwelo.

Mkulu wako


3 Ogasiti

Iwe,

Ndine mayi ako, akulemba ndi atelala. Akuti kalata imayamba ndi moni. Alembe moni wawo, ine ndilibe.

Anabwera kudzandiuza ndi bambo wokonza matayala. Anati, "Amayi, mwana wanu tamutengera kuchipatala, sakuona." Atelala anatseka shopu n'kundiperekeza. Ndinakwera masitepe a chipatala ndi miyendo yomweyi, sindinaimve n'komwe.

Ndinamupeza pabedi la pakona, maso onse awiri atamangidwa bandeji. Nkhope yasupuka ngati waweramira mumphika wowira, milomo yang'aluka. Dzanja limodzi lili pamimba. Ndinakhala pambali pake, anandizindikira ndi fungo la mankhwala opaka. Anati, "Amayi, mwabwera kudzanena kuti munandiuza?" Ndinati ayi.

Ndinafunsa chimene chinachitika. Anati babu latsopano linabwera ndi malangizo atsopano. Iye anakayika, anauza Tayi kuti Achemwali anati nyaleyi imatentha maso. Tayi anamuonetsa pepala nati, "Dzanja ili ndi la ndani?" Ataona dzanja lako anavula magalasi. Anawerama masiku angapo, maso akutuluka misozi, akuwatikita ndi nsalu, n'kubwereranso poti pepala linati n'kuzolowera. Akadali pabedipo ankakuikira kumbuyo. Ankati mwina kufakitale anakupatsa babu lolakwika.

Ine m'chikwama ndinali ndi kalata yako, ija inabwera kwanga iye atachoka kale. Sindinaitsegule, poti dzina linali lake, ndipo sindinamutumizire, poti ndinali nditakwiya. Ndinati ndimusangalatse nayo. Ndinapempha namwino wina wachitsikana kuti atiwerengere. Anatsegula akumwetulira, kenako anati, "Akuti awerenge yekha." Mng'ono wako anati, "Ndi maso ati? Werengani."

Anawerenga. Mawu ake ankacheperachepera. Atafika pa mazira pachiwaya anaima. Odwala a mabedi oyandikana onse anatembenukira kwa ife. Mng'ono wako anati, "Malizani." Anamaliza, mpaka pa mtundu wa tayi.

Sanalire. Dokotala anali atamuletsa kulira. Anangotembenukira kukhoma nati, "Amayi, pindani bwino pepalalo."

Diso lamanja akuti lichira. Lamanzere lachita chilonda chifukwa chotikita, akuti tidikire. Mwana m'mimba ali bwino.

Msampha ukautchera m'nyumba umagwira a m'nyumba. Ndinakubereka wamtima wotentha, ndipo ndinkanyadira. Inenso ndinafuna Tayi aone zoopsa, atelala ndi mboni. Koma ine ndinangonena pakamwa. Mankhwala opaka aja usatumizenso, ndipaka mafuta ophikira.

Mayi ako


12 Ogasiti

Alamu,

Moni. Ndikhulupirira mwamva zimene mwachita kwa mkazi wanga.

Mumandiyesa mwana. Munthu amene wanditcha Tayi chikwatirireni sangadzuke tsiku limodzi n'kulemba kuti "alamu anga okondedwa" popanda chifukwa. Ine ndinati tiyambe taona. Mwini kampani sayesa yekha makina atsopano.

Kalata yanu ija ili m'thumba la jekete yanga, ndi dzanja lanu lokongola lija. Anthu odziwa malamulo akuti ingakudikireni pabwalo la ndege tsiku limene mudzabwere. Koma ine si munthu wa milandu. Muzinditumizira mababu awiri miyezi itatu iliyonse, aulere, ndipo za m'banja zikhala za m'banja.

Mlamu wanu,
Mkulu wa Kampani


20 Disembala

Achemwali,

Landirani moni. Amayi ali bwino. Ndikulemba ndekha, n'chifukwa chake zilembo zakula chonchi.

Munkafuna ndikulembereni zonse, osasiya kanthu. Nazi.

Masiku amene ndinkawerama panyale paja, mwamuna wanga sanalowe m'chipindamo ngakhale kamodzi. Ankaima panja, chitseko atachikoka, n'kumafuula kuti, "Wakaona ka golide?" Ndikati ayi, ankati, "Yandikira." Pa nthawiyo ndinkati ndi ulesi wake wa masiku onse. Ndili pabedi la chipatala, mumdima wa bandeji, ndinali ndi nthawi yokwanira yoganiza za chitseko chija. Inu munakumba dzenje, iye analiona, n'kundiuza kuti nditsogole.

Tsiku lomasula bandeji dokotala wa maso anandifunsa chimene ndinkafuna pansi pa nyale yotero. Nditamufotokozera anagwira pakamwa. Anati, "Mayi, kuwala kumeneko kuli m'dzuwa. Dulani bowa, muyaleni chagada padzuwa la masana kwa kanthawi, vitamini apangika yemweyo. Nyale ndi za kumaiko kumene dzuwa limasowa." Ndinaseka mpaka namwino anabwera kudzaona. Diso langa, Achemwali, chifukwa cha chinthu chimene chimagwa chaulere padenga lililonse.

Nditatuluka ndinapita kwa Amayi. Ndinayala bowa pamathireyi pabwalo, ndinapereka kwa namwino wamkulu uja, anatumizanso kwa oyeza. Anapezamo vitamini. Chipatala cha ana chikugula kwa ine.

Koma sindinalekere pomwepo. Loweruka lililonse ndinkaika tebulo pamphambano, moyang'anana ndi khomo la sitolo yaikulu ija, mimba ili patsogolo, diso lili ndi thonje. Ndinkaphunzitsa aliyense wofuna, mwaulere. Amayi ogulitsa masamba, atsikana a m'malesitilanti, ngakhale mkazi wa kusaluni anabwera n'kuima kumbuyo, ndinamuitana kuti ayandikire. Aliyense wofunsa za diso ndinkamuuza kuti, "Ndi bowa wa nyale uja, wa dzina papaketi." Mwezi usanathe mwini sitolo anabweza mapaketi onse. Tsopano msewu wonse wa kumsika uli ndi mathireyi a bowa padzuwa, ndipo palibe amene angalipire kawiri chifukwa cha chithunzi cha nyale.

Katundu wanga ndinakatenga masana, ndi ngolo ya bambo wa matayala ndi amayi a kumsika. Tayi anaima pakhomo n'kuyamba kuti, "Mayi a mwana, tikambirane mwa ulemu." Mayi wina wogulitsa tomato anangomusuntha ngati mpando. Ndinatenga mashelefu, sikelo, foni yanga ndi magalasi achikasu. Nyale ndinamusiyira. Chivindikiro chake anachiwaza yekha kalekale n'kusonkhera moto, ndiye akafuna vitamini aweramire. Akuti tsopano amagulitsa zingwe za mafoni pasiteji ya basi. Tayi imene anavala tsiku lotenga katundulo inali yobiriwira, poti mumafuna kudziwa.

Jekete yake ndinaipisanso m'thumba, poti ankadzitama kumsika kuti m'menemo muli kalata yomubweretsera mababu aulere. Kalata imene ankakuopsezani nayo ili ndi ine, pamodzi ndi inzake ija anawerenga namwino. Mababu musamutumizirenso. Kupolisi sindipita nazo. Kuwotcha sindiwotcha.

Mudzati munachitira ine. Koma simunandifunse. Mukanandifunsa ndikanakuuzani kuti sindinkafuna maso a munthu, ndinkafuna mashelefu anga.

Mwana anabadwa sabata yatha, wamkazi, mafupa ake ngolimba, amalira ngati agogo ake. Diso langa lamanzere linatsala ndi mtambo, dokotala akuti sudzachoka. Ndikamamuyamwitsa mbali imeneyo ndimachita kutembenuza mutu wonse kuti ndione nkhope yake.

M'envulopu muno mupeza makalata anu onse amene mwalemba chiyambire Ogasiti. Sindinatsegule ngakhale imodzi, ndipo musavutike kulemba ina. Dokotala anati ndisamatopetse diso latsalali ndi zowerenga. Ndikulisungira mwana.

Ine mng'ono wanu